Makomiki Oyera a Bambo Pasipoti

Tsiku limene Bambo Pasipoti anatchula mkamwini wawo kuti "iwe", ngakhale galu wa pakhomo anadzuka n'kupita kukagona kuseri kwa nyumba.

Koma tiyambe ndi munthuyo. Bambo Pasipoti sankalowa m'chipinda ngati anthu ena. Ankayamba kulowa mawu, kenako mimba, thupi lonse n'kumabwera pambuyo. Dzinali anawapatsa ndi madalaivala awo, chifukwa nkhani iliyonse, kaya ya matayala kaya ya dzino lowawa, inkathera ku dziko lina limene iwo anapondako ndipo womvetserayo sanapondeko. Anayamba ndi njinga yobwereka, kunyamula makatoni a anthu pa siteshoni. Tsopano anali ndi malole odzaza bwalo, ndipo sankalola munthu kuiwala zimenezi ngakhale pamaliro.

Chuma chimene ankachikonda kuposa malole chinali m'makatoni, m'chipinda chakumbuyo. Anali makomiki akale, timabuku ta zithunzi zoseketsa ta anyamata ndi atsikana a kusekondale. Oyambirira anawatola ali ana, iwo ndi achimwene awo aakulu, kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu kumene bambo awo ankalondera. Mawu ake anali a chilankhulo chachilendo, ana awiriwo osamvapo ngakhale limodzi. Achimwene aja sanadandaule. Ankadula timapepala toyera n'kumata pa timitambo tija timene mumakhala mawu pamwamba pa mitu ya anthu, kenako n'kulembamo zawozawo ndi bolopeni. Mnyamata wa makutu aakulu anamutcha Makutu. Mtsikana wa madontho kumaso anakhala Namadontho. Mphunzitsi wamkulu, wamimba ndi wolusa, anakhala a Chimbiya.

Atakula, achimwene anatsegula kashopu kometera, ka mpando umodzi ndi galasi losweka pakona. Anthu ankabwera kudzameta ngakhale tsitsi lisanakule, kungofuna kuseka. Mng'ono wawo ndiye anayamba kuyenda. Mzinda uliwonse umene ankafika, anzake akamathamangira mawotchi ndi nsapato, iye ankafunafuna timashopu tamdima ta mabuku akale, n'kubwerako ndi makomiki m'sutikesi. Ankawatula pa shopu yometera, ndipo achimwene ankamata ndi kulemba, mpaka onse awiri anamera imvi akuchitabe zomwezo.

Kenako sitiroko inawagwetsa achimwene ometa, lumo lili m'manja, mutu wa munthu utametedwa mbali imodzi. Anadzuka dzanja lamanja litafa, maso atachita chifunga, ndipo pa mawu onse amene ankagwetsa nawo anthu ndi phwete panatsala limodzi lokha: "Basi." Akafuna madzi, basi. Akamva ululu, basi. Pakamwa paja panatsekedwa ngati shopu yawo. Mawu awo enieni anatsala mu timitambo tija mokha, ndipo eni ake sankathanso kuwawerenga chifukwa zilembo zinali zazing'ono.

Nzeru inawabwerera Bambo Pasipoti m'ndege, ataona mayi wina wokalamba akukulitsa zilembo pa tabuleti ndi zala ziwiri. Atangotera anagula tabuleti yaikulu kuposa zonse m'shopumo, n'kuitana mwamuna wa mwana wawo wamkazi, munthu wa magalasi, wofatsa, wogwira ntchito ya makompyuta.

"Akamwini, makatoni awa muwalowetse onse muno. Koma mverani. Sindikufuna zinthu zooneka ngati zatoledwa kudzala. Ndikufuna aoneke oyera. Oyera ngati atsopano. Mwamva?"

"Ndamva, bambo. Oyera."

"Ine ndaonako zinthu zoyera kunjaku, musandipatse zamanyazi."

Iwo ankanena za madontho a madzi, zitosi za mphemvu, ndi chikasu chimene pepala limachita likakalamba. Sanaone chifukwa chofotokozera. Munthu amene malole ake amamumvera safotokoza kawiri.

Tabuleti itabwera, anayang'ana zikuto zokha, mizere ndi mizere, zowala ngati maswiti. Kwa masiku angapo anayenda nayo kukhwapa, kuonetsa madalaivala, makaniko, ngakhale wapolisi wa pamsewu amene anangofuna laisensi. Kwa akazi awo, amene kwa zaka zambiri ankadandaula za mphemvu za m'chipinda chakumbuyo, anati, "Mayi, chipinda chanu chija tengani. Mapepala ndi a anthu osayenda. Zonse zili muno." Ndipo anagogoda tabuletiyo ndi chala cha mphete.

Masana a tsiku lopuma anatenga banja lonse kupita kwa achimwene ometa. Anawapeza pa mpando wawo wa pawindo, bulangete pa mawondo, akazi awo, alamu a Bambo Pasipoti, akuwapukuta pakamwa. Bambo Pasipoti anakoka tebulo laling'ono, anaimika tabuleti, n'kuyang'ana aliyense kuti aone ngati akuyang'ana.

"Achimwene, lero museka mpaka bulangete ligwe. Mukukumbuka tsiku lija Makutu anaswa windo la ofesi? A Chimbiya atamugwira khutu? Munamulembera chiyani? 'Si ine, aphunzitsi, ndi mpira. Ine ndinangouperekeza.' Dikirani muone ndi maso anu."

Anatsegula. Tsamba linabwera lowala, mitundu yake ngati yopakidwa m'mawa womwewo. Windo losweka linalipo, a Chimbiya analipo, khutu la Makutu lili m'manja mwawo. Anakulitsa kamtambo ndi zala ziwiri monga anachitira mayi wa m'ndege uja.

Munali zilembo za makina, zowongoka bwino, za chilankhulo chachilendo.

Anapita tsamba lina. Chimodzimodzi. Anatsegula buku lina, limene Makutu anabweretsa maluwa ndipo Namadontho anati, "Maluwa ndalandira, iwe bwerera." Namadontho ankalankhula zachilendo. Buku lina, ndi linanso. Chala chawo chinayamba kumenya galasi ngati chikugogoda pa chitseko cha munthu wogontha. Panalibe kapepala komata ngakhale kamodzi, panalibe bolopeni.

Achimwene ometa anayang'ana tabuleti, anayang'ana mng'ono wawo. "Basi," anatero chapansipansi.

"Akamwini." Mawu a Bambo Pasipoti anatsika kwambiri, zimene aliyense wowadziwa ankaziopa kuposa kukuwa. "Mawu a achimwene ali kuti?"

Mkamwini anakonza magalasi. "Mukunena zigamba zija, bambo? Nditayamba kujambula pa sikana ndinaona kuti masamba onse anaonongedwa, anamatidwamatidwa timapepala. Munati mukufuna oyera ngati atsopano. Ndiye ndinafufuza pa intaneti, ndinapeza anthu osunga makomiki akale omwewa, osakhudzidwa. Ndinafananitsa chikuto ndi chikuto, buku lililonse. Ena anali ovuta kwambiri kuwapeza, bambo, ndinachita kulemberana ndi anthu akutali."

Ananena monyadira pang'ono, munthu wosauka, akudikira kuyamikiridwa.

"Anaonongedwa," anatero Bambo Pasipoti.

"Eya, bambo, ndi guluu ndi..."

"Iwe!"

Liwu limenelo linagwa m'chipindamo ngati poto wagwa pa simenti. Alamu anagwira pakamwa. Chikwatire mwana wawo, apongozi anali asanamutchulepo mkamwiniyo kuti iwe, ngakhale tsiku limene anagunditsa galimoto yawo pageti.

"Iwe, ndi magalasi akowo, sunawerenge ngakhale kamodzi? Chilankhulo chako chomwe, cholembedwa ndi dzanja la munthu, iwe n'kuona chigamba? Zachilendozo ndani anakutuma? Ndikanazifuna bwenzi nditapita ndekha kwa eni ake, ndikudziwa kumene amakhala, ndinadyako nawo! Ndinakupatsa pakamwa pa achimwene anga m'makatoni, iwe wandibwezera pakamwa pa anthu osawadziwa!"

"Ababa," anatero mwana wawo wamkazi, ataima pakati, "munati oyera. Ndinalipo. Munanena kawiri."

"Oyera mphemvu! Oyera zitosi! Ndikakuuza kuti usambitse mwana, umakasinthanitsa ndi wa eni ake chifukwa ndi woyera kale?"

"Ndiye mukananena choncho. Munthu uyu wakhala akugwira ntchito imeneyi kumapeto a sabata onse, inu muli kuonetsa apolisi zikuto."

"Khala chete, ndikulankhula ndi injiniya!" Anapumira m'mwamba, anapukuta khosi ndi mpango. "Chabwino. Palibe chatayika. Mawa m'mawa abwere adzatenge makatoni aja, ayambirenso, tsamba ndi tsamba, ine nditakhala pambali pake ngati mlonda."

Apa ndi pamene anaona kuti akazi awo akuyang'ana pansi, akupotokola lamba wa chikwama.

"Mayi?"

"Munati chipinda nditenge."

"Ndinati chipinda."

"Munati mapepala ndi a anthu osayenda. Munagogoda chinthu chanucho pamaso panga. Anadutsa bambo uja wa ngolo, wotola mapepala akale, ndinamupatsa. Ndinakolopa ndi mankhwala, ndaikamo makina anga osokera." Anadzutsa mutu, nawonso atayamba kutentha. "Musandiyang'ane choncho, bambo. Ine ndamvera mawu anu. Vuto lanu ndi lakuti mukalankhula mumamvetsera kukoma kwake, simumva zimene mwanena."

Bambo Pasipoti anatsegula pakamwa, koma kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo simunatuluke dziko lililonse. Anatola makiyi n'kutuluka, chitseko n'kutsala chikunjenjemera.

Bwalo la mapepala akale linali kuseri kwa mafakitale, kumene msewu wa tara umathera. Anafika fumbi lili m'mbuyo ngati akuthamangitsidwa. Munali milu ya makatoni, manyuzipepala, mabuku a sukulu ong'ambika, ndi chimakina chimene chinkapsinja zonsezo kukhala mabelo omangidwa ndi waya. Pafupi ndi sikelo panakhala mayi wina wa ovolosi, miyendo pa kreti, akuwerenga kanthu n'kumagwedezeka mapewa.

"Mayi! Wamkulu pano ndani?"

"Mukumuona," anatero osadzutsa mutu.

"Ndikufuna makatoni anga. Anabwera ndi munthu wa ngolo. Makomiki akale, omatidwa timapepala. Ndikufuna onse, tsopano lino, ndipo ngati ali m'mabelo umo, mumasule belo lililonse. Mukundidziwa ine?"

Mayiyo anawayang'ana kuchokera ku nsapato mpaka kuchipewa. "Ayi. Koma makatoniwo ndikuwadziwa. Tinawapsinja dzana. Anapita ku fakitale dzulo m'mawa."

"Fakitale iti? Anatenga ndani? Ndiuzeni dzina la chitsiru chimene chinanyamula katundu wanga, ndichitsekeretsa bizinesi!"

"Ndi malole obiriwira aja, olembedwa kumbuyo kuti Sitichedwa. Mwini wake amati a Pasipoti. Akuti ndi munthu wolongolola kwambiri, koma malole ake sachedwadi."

Makina opsinja anapitiriza kulira. Bambo Pasipoti anatulutsa foni pang'onopang'ono, ngati ikulemera, n'kuimbira dalaivala wawo.

"Bwana!" anayankha dalaivala mosangalala. "Mabelo aja? Ndinatsitsa kalekale, ndinali woyamba pageti monga mumanenera. Ndikuchoka n'kuti akuwaponya kale m'chithanki chija, asanduka phala. Pali vuto, bwana?"

Bambo Pasipoti anadula foni. Anafuna munthu womukalipira, anayang'ana uku ndi uku, koma aliyense m'nkhaniyi anali atachita ndendende zimene iwo ananena. Mkamwini anayeretsa. Mkazi anatenga chipinda. Dalaivala sanachedwe. Mkwiyo unasowa kolowera, ndipo anamenya belo ndi phazi mpaka chala chinalira m'nsapato.

Mayi wa pa sikelo anaphulika kuseka, koma osati chifukwa cha iwo. Ankaseka zimene ankawerenga. Bambo Pasipoti anayang'anitsitsa. Chikuto chachikasu, chodyedwa pakona. Makutu atakwera njinga yopanda tcheni.

"Limenelo ndi langa!"

"Linagwa pa ngolo. Chilichonse chogwa m'bwalo muno ndi changa." Analiika kumbuyo. "Amene analemba umu ndani? Mutu wake suli bwino, ndalira misozi. Tamverani apa, mphunzitsi akufunsa chifukwa chochedwera, mwana akuti, 'Ndinanyamuka nthawi yabwino, aphunzitsi, koma sukulu ndi imene inali kutali.'"

"Ndi achimwene anga. Bweretsani."

"Ndikamaliza."

"Mayi, ine ndakhalapo m'maofesi amene inu simungaloledwe ngakhale kupukuta mawindo ake, ndipo palibe anandidikiritsapo!"

"Ndiye lero mwafika dziko latsopano. Kreti iyo, khalani."

Anakhala. Munthu wa malole odzaza bwalo anakhala pa kreti ya mabotolo, dzuwa likuwawotcha pakhosi, akumva mlendo akuseka nthabwala za achimwene awo imodzi ndi imodzi, ndipo kuseka kulikonse kunkawakumbutsa makatoni onse aja amene tsopano anali phala lotuwa m'thanki. Mayiyo sanafulumire. Masamba ena ankabwereza. Atamaliza anapukuta maso ndi dzanja la ovolosi n'kuwapatsa.

"Muwauze alembe ena."

Bambo Pasipoti analandira bukulo. Analiika m'kati mwa jekete, pamtima, pamene pankakhala pasipoti.

Anabwerera kwa achimwene akukonza m'mutu mawu ena owawa oti amalizire mkamwini. Atafika pakhomo anamva bata lokayikitsa. Analowa mosagogoda.

Onse anali atazungulira mpando wa pawindo. Mkamwini anagwada pansi atagwirizira tabuleti ndi manja awiri. Pa galasi panali a Chimbiya, nkhope yofiira, pakamwa pali yasa, chala m'mwamba, ndipo kamtambo ka pamutu pawo kanali kakakulu, kopanda kanthu. Mkamwini anali atafufuta zachilendo zija. Achimwene ometa, lilime lili pakona pa mlomo, ankakoka chala cha dzanja lamanzere pa galasipo. Zilembo zinkatuluka zokhota, zina zitagona, ngati za mwana woyamba sukulu. Thukuta linali pamphumi.

Bambo Pasipoti anawerama n'kuwerenga.

INE NDAYENDA MAYIKO.

Pansi pake panali Makutu, atatseka makutu ake aakuluwo ndi manja. Mkamwini anakulitsa kamtambo kake. Chala chija chinayendanso, pang'onopang'ono, mpaka chinalemba: BWERERANI KONKO.

Alamu anathawira kukhitchini atatseka pakamwa ndi nsalu. Mwana wamkazi anayang'ana kudenga, milomo ikunjenjemera. Akazi a Bambo Pasipoti sanabise n'komwe, anaseka mpaka kutsokomola.

"Ameneyu ndi ine?" anabangula Bambo Pasipoti. "Chimimba chimenechi? Achimwene, ine ndathyoka chala kufunafuna mawu anu kudzala, ndakhala pa kreti ngati wogulitsa mabotolo, inu muli pano kundijambula?"

Achimwene ometa anawayang'ana ndi diso lija limene ankayang'anira munthu pagalasi asanamugwetse ndi nthabwala. Mbali imodzi ya pakamwa inakwera.

"Basi," anatero.

Bambo Pasipoti anatulutsa buku lija m'jekete n'kuliika pa bulangete. Achimwene analisisita ndi dzanja lamanzere, chala chikudutsa pa timapepala tomata, tina titayamba kumatuka.

"Latsala ili lokha. Ena onse apita, ndipo anawanyamula ndi lole yanga." Anatembenukira mkamwini, amene anali chigwadire. "Ili mulijambule ine ndikuona. Ndi zitosi zake, ndi guluu wake, ndi pamene panadyedwa ndi mphemvu. Likangoyera pang'ono pokha, mudzandidziwa bwino. Mwamva, akamwini?"

"Ndamva, bambo. Lisayere."

"Ndipo enawo mufufute timitambo tonse, buku lililonse. Muwasiyire malo."

"Ndi ambiri zedi, bambo. Kamtambo kamodzi kakuwatengera nthawi yaitali. Sangamalize."

"Ndakufunsani? Chokani apo, mukugwira mopendekeka. Simunaonepo mmene amagwirira kunja."

Anagwada okha, mawondo akulira, n'kugwira tabuletiyo. Mkwiyo unali usanathe. Unkabwera nthawi iliyonse akakumbukira nthabwala ina imene sidzabwereranso, ndipo ankatukwana chamumtima mkamwini, thanki, ndi pakamwa pawo pomwe. Koma manja sanagwedezeke. Achimwene anapita tsamba lotsatira, pamene a Chimbiya anaterereka n'kugwa chagada pamaso pa kalasi yonse, ndipo anayang'ana mng'ono wawo nthawi yaitali, ngati telala akuyeza munthu, asanaike chala pa galasi.